Momwe Mungachepetsere Nkhawa Pamene Mukuchira ku Matenda a Mtima

Munthu akatulutsidwa m'chipatala atadwala mtima, kaya mtsempha wopereka magazi ku mtimawo unatsekeka, kaya mtima unafooka mpaka miyendo kutupa, kaya anachitidwa opaleshoni, amafika kunyumba ali ndi mapiritsi komanso tsiku lobwerera ku kiliniki lolembedwa m'buku lake la kuchipatala. Mantha amene wabwera nawo salembedwa m'bukumo. Usiku nyumba ikati zii, amayamba kumvetsera kugunda kwa mtima wake, kakubaya kalikonse ka m'nthiti kamamudzidzimutsa, ndipo maganizo amathamangira kwa ana amene sanamalize sukulu ndi kungongole zimene matendawa abweretsa. Malangizo otsatirawa ndi a munthu wotereyu pamodzi ndi amene akumusamalira.

Nkhawa imagwira thupi lenileni. Munthu akachita mantha kapena akapsa mtima, thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, ndipo zotsatira zake n'zakuti mtima umagunda mofulumira, mitsempha ya magazi imapanikizika, BP imakwera, ndipo mtima umafuna mpweya wochuluka kuposa nthawi zonse. Kwa munthu wathanzi zimenezi zimadutsa, koma kwa mtima umene ukuchira ndi ntchito yowonjezera imene ikubwera tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wamkulu wotchedwa INTERHEART, amene anachitika m'mayiko 52 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anapeza kuti kupanikizika maganizo kunyumba, kuntchito ndi pa nkhani za ndalama ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimayendera limodzi ndi kutsekeka kwa mitsempha ya mtima.

Njira zambiri zimene zili m'munsimu zikuchokera ku maphunziro a masabata asanu ndi atatu a mindfulness, amene Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 pa sukulu ya zachipatala ya University of Massachusetts ku America. Mutu wake ndi wophunzira kuika maganizo pa zimene zikuchitika panopa, mwadala, popanda kudzidzudzula. Mu 2017 bungwe la American Heart Association linaunika kafukufuku wa kusinkhasinkha kotereku ndipo linanena kuti kungathe kuthandiza mtima, n'kotsika mtengo ndiponso kulibe chiopsezo chachikulu, koma kuyenera kukhala kowonjezera pa chithandizo cha kuchipatala. Mfundo yomalizayi ndikuitsindika kwambiri. Musasiye mankhwala anu monga amlodipine, enalapril, atenolol, furosemide, aspirin kapena jakisoni wa penicillin wa mwezi ndi mwezi chifukwa chakuti mwayamba kumva mtima uli m'malo.

Gawo loyamba: dziwani zizindikiro zothamangira kuchipatala

Anthu ambiri amafuna kuyambira pa kapumidwe, koma poyambira penipeni ndi apa. Simungathe kukhazikika ngati chilichonse chimene mwamva pachifuwa chikukusiyani mukudzifunsa ngati ndi imfa kapena ndi mpweya wa m'mimba. Choncho pa ulendo wotsatira wa ku kiliniki, pemphani dokotala kapena namwino kuti akuuzeni momveka bwino zizindikiro zimene kwa inuyo zikutanthauza kuti musadikire, ndipo muzilembe papepala limene aliyense m'nyumbamo akudziwa pamene lili.

Pa zimene adzakuuzenizo padzakhala izi: kupweteka, kulemera kapena kufinya pachifuwa kumene kwatenga mphindi zingapo osasiya ngakhale mwapumula, makamaka kukamafalikira ku mkono, ku phewa, ku khosi, ku nsagwada kapena kumsana, kubanika kwadzidzidzi, thukuta lozizira limodzi ndi nseru, kukomoka, kugunda kwa mtima kothamanga kapena kosokonekera kumene kukubwera ndi chizungulire, komanso kupotoka kwa pakamwa, kufooka kwa mbali imodzi ya thupi kapena kulephera kulankhula bwino. Kwa amene mtima wawo ndi wofooka, kutupa kwa mapazi kowonjezereka, kulephera kugona chagada chifukwa cha phuma, ndi kukwera sikelo ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu ndi zizindikiro zakuti madzi akuchuluka m'thupi. Azimayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva kupweteka kwenikweni pachifuwa, amangomva kutopa kwachilendo, kubanika kapena nseru.

Zizindikiro zimenezi si zozikhalira pansi n'kumapuma pang'onopang'ono. Zikaoneka, nyamukani. Konzeranitu mayendedwe ake: nambala ya munthu wa galimoto kapena wa njinga yamoto ikhale m'foni ya anthu awiri a m'nyumbamo, ndipo kandalama ka ulendowo kasungidwe padera osakhudzidwa. Mukakonza zimenezi mudzaona kuti gawo lina la mantha lachoka, chifukwa funso lakuti "nanga zitachitika usiku nditani?" layankhidwa kale.

Gawo lachiwiri: sankhani nthawi, malo ndi kakhalidwe

Sankhani nthawi imodzi patsiku imene simusokonezedwa, monga m'mawa mutangomwa mankhwala kapena madzulo ntchito zitatha, koma osati mutangodya nsima yambiri. Khalani pa mpando wokhala ndi chotsamira, mapazi onse awiri aponde pansi, manja akhale pa ntchafu. Ngati mtima wanu ndi wofooka, musagone chagada, chifukwa kugona choncho kumawonjezera phuma. Khalani tsonga kapena tsamirani mapilo awiri kapena atatu. Uzani apabanja kuti mphindi zimenezi ndi mbali ya chithandizo chanu, kuti asakuitaneni pokhapokha pali chofunika. Foni muiike patali.

Gawo lachitatu: kapumidwe

Ikani dzanja limodzi pamimba, pamwamba pa mchombo. Poyamba musasinthe kanthu, ingomvani mmene mpweya ukulowera ndi kutuluka katatu kapena kanayi. Kenaka kokani mpweya kudzera m'mphuno mofatsa mukuwerenga chamumtima mpaka kanayi, ndipo mulole mimba ikankhe dzanja lanu pang'ono. Tulutsani mpweyawo kudzera pakamwa, milomo mutaisongola ngati mukuuzira phala lotentha, mukuwerenga mpaka kasanu ndi kamodzi. Mapewa asakwere pokoka mpweya, ndipo potulutsa muwalole agwe okha.

Chinsinsi chagona pa kutulutsa mpweya motalikirapo kuposa pokoka. Munthu akamatulutsa mpweya, mtsempha wotumiza mauthenga wotchedwa vagus, umene umachokera ku ubongo kukafika ku mtima ndi m'mimba, umachepetsa liwiro la mtima pang'ono, ndipo mukabwereza zimenezi kwa mphindi zingapo thupi limayamba kuchoka mu mkhalidwe wa munthu amene akuthawa ngozi. Kuwerenga kanayi pokoka ndi kasanu ndi kamodzi potulutsa kumakufikitsani pa kupuma pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa mphindi, komwe ndi kapumidwe kamene kafufuzidwa kwambiri pa nkhani imeneyi.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala nazo. Musaumirire mpweya m'chifuwa, ngakhale mutaona ena akuphunzitsa zimenezo pa intaneti, chifukwa kugwira mpweya mokakamiza kumasintha BP mwadzidzidzi. Musakoke mpweya wochuluka mopitirira, pakuti zimenezi zimabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala, ndipo munthu wamantha kale angaganize kuti matenda ayambiranso. Ngati kuwerenga mpaka kasanu ndi kamodzi kukukubanikitsani, fupikitsani: kokani mpaka kawiri, tulutsani mpaka katatu, chifukwa chofunika n'chakuti kapumidweko kakhale kofewa. Mukamaliza musadzuke mwadzidzidzi. Mankhwala a BP amachititsa ena chizungulire akaimirira msanga, choncho gwedezani mapazi kaye, kenaka muimirire mutagwira mpando.

Sabata yoyamba chitani mphindi zisanu zokha patsiku. Muziwonjezera pang'onopang'ono kuti pofika sabata yachinayi mukhale pa mphindi 15 kapena 20. Mphindi zisanu za tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu la Lamlungu lokha.

Gawo lachinayi: maganizo akathawa

Adzathawa ndithu, mwina mpweya wachitatu usanathe. Mudzapezeka kuti mukuwerengera mtengo wa feteleza kapena mukukumbukira usiku umene munagonekedwa. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti njirayi si ya iwo, pamene ntchito yeniyeni ndi yomweyi: kuzindikira kuti maganizo achoka ndi kuwabweza. Mukazindikira, tchulani chamumtima mawu amodzi ofotokoza chimene chabwera, monga "mantha", "ndalama" kapena "kukumbukira", kenaka bwererani ku dzanja limene lili pamimba. Musalimbane nalo ganizolo, komanso musalitsatire. Madzi ovunduka a m'ndowa amadikha mukawasiya, ndipo mukamawatakasa kuti ayere msanga matope amangobwereranso pamwamba.

Pano pali chenjezo limene ndimaona kuti silinenedwa mokwanira kwa odwala mtima. Malangizo ambiri a kusinkhasinkha amati mvetserani thupi lanu, koma munthu amene wangodwala mtima akulimvetsera kale mopitirira muyezo. Ngati kuika maganizo pachifuwa kukuwonjezera mantha, chokanipo. Ikani maganizo pa mapazi anu, mumve kuzizira kwa simenti kapena kukhakhala kwa mkeka, kapena mverani phokoso lakunja: tambala, mphepo m'mitengo ya mango, munthu akusesa pabwalo, galimoto ikudutsa patali. Mungathenso kutsegula maso n'kumayang'ana malo amodzi pansi. Pachifuwa mudzabwererapo patapita masabata, mantha atachepa.

Amene amapemphera angagwiritse ntchito mawu afupiafupi a pemphero m'malo mowerenga manambala, theka pokoka mpweya ndi theka potulutsa. Amene anazolowera kolona kapena tasbihi ali kale ndi chizolowezi chokhala chete ndi kubwereza mawu modekha, ndipo palibe chifukwa chochisiyira kuti atengere cha kwina.

Gawo lachisanu: masulani minofu

Mukazolowera kapumidwe, mwina m'sabata yachiwiri kapena yachitatu, onjezerani kuyendera thupi ndi maganizo. Yambani ku zala za kumapazi, kwerani ku akakolo, mawondo, ntchafu, mimba, manja, mapewa, khosi mpaka kumaso, ndipo pa malo alionse imani kwa kupuma kuwiri kapena kutatu. Pamene mwapeza kuti pamangika, palekeni pafewe potulutsa mpweya. Ambiri amadabwa kupeza kuti akhala atalumanitsa mano, atachita tsinya ndiponso atakweza mapewa tsiku lonse osadziwa. Pali njira ina imene munthu amayamba waumitsa minofu mwamphamvu kenaka n'kuimasula, koma amene anachitidwa opaleshoni yotsegula chifuwa asaumitse manja ndi chifuwa mpaka fupa la pachifuwa litalumikizana, zimene zimatenga masabata asanu ndi limodzi kufika asanu ndi atatu kapena kupitirira, ndipo dokotala atavomereza.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mantha akakugwirani mwadzidzidzi

Tiyerekeze kuti mwadzidzimuka pakati pa usiku mtima ukugunda mwamphamvu. Khalani tsonga, yatsani nyali kapena tochi, ndipo pondani pansi. Kenaka dzifunseni mafunso a papepala lija: kodi pachifuwa pakufinya? Kodi ndikubanika ngakhale ndakhala tsonga? Kodi pali thukuta lozizira kapena chizungulire? Ngati yankho la limodzi mwa mafunsowa ndi inde, dzutsani anthu mupite kuchipatala. Ngati simungathe kusiyanitsa, pitaninso, chifukwa mantha aakulu ndi vuto lenileni la mtima zimafanana kwambiri moti nthawi zina ndi makina a ECG, oyeza kagundidwe ka mtima, ndi kuyeza magazi zokha zimene zimasiyanitsa, ndipo kubwezedwa kuchipatala mutauzidwa kuti palibe vuto si chinthu chochititsa manyazi.

Ngati zizindikirozo palibe, chitani kapumidwe kaja kakhumi, mukutsindika potulutsa mpweya. Tchulani zinthu zisanu zimene mukuziona m'chipindamo ndi zitatu zimene mukuzimva ndi makutu. Dziuzeni mawu oona, monga akuti mwamwa mankhwala anu, mwayang'ana zizindikiro ndipo palibe, ndipo mantha amakwera kenaka n'kutsika. Kawirikawiri funde lotere limayamba kuchepa pakapita mphindi zingapo. M'mawa lembani zimene zinachitika, nthawi yake ndi utali wake, kuti mukafotokoze ku kiliniki.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: yendani mukudziwa kuti mukuyenda

Dokotala akakulolani kuyenda, yambani ndi mphindi zochepa pamalo athyathyathya, m'mawa kapena dzuwa litapendeka, pa liwiro limene mungathe kulankhula ndi mnzanu osachita wefuwefu. Poyendapo ikani maganizo pa chidendene chikamafika pansi ndi pa zala zikamanyamuka. Ambiri amene amavutika kukhala phee pa mpando amapeza kuti njira imeneyi ndiyo ikuwayanja. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi apakatikati kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, koma kwa wochira ku matenda a mtima chiwerengero chimenecho ndi kofikira patapita nthawi, mogwirizana ndi achipatala.

Gawo lachisanu ndi chitatu: nkhawa zimene zili ndi mwini

Kupuma bwino sikulipira fizi. Nkhawa zambiri za wodwala zili ndi chifukwa chenicheni, ndipo kungakhale kumunamiza kunena kuti zidzatha ndi kukhala chete. Chimene chimathandiza n'kuzipatsa nthawi yake. Sankhani mphindi 15 masana, osati usiku, tengani kope, ndipo lembani zonse zimene zikukuvutani. Pambali pa chilichonse lembani chinthu chimodzi chaching'ono chimene chingachitike sabata ino ndi dzina la munthu amene angachichite, monga kupita kukakambirana ndi aphunzitsi aakulu za kulipira pang'onopang'ono, kapena kupempha a gulu la banki m'khonde kuti akusunthireni tsiku lobweza. Zimene palibe chochita muzilembe padera n'kuzisiya. Ganizolo likabwera usiku, liuzeni kuti lalembedwa kale ndipo nthawi yake ndi mawa masana.

Mbali yovuta kwambiri kwa ambiri ndi kutula udindo. Bambo kapena mayi amene abale onse amadalira amamva ngati walephera akakana kukagona pa maliro, kukaweruza mlandu wa banja kapena kutumiza ndalama kumudzi. Itanani mkulu wa kubanja kapena ankhoswe, afotokozereni zimene dokotala wanena, ndipo muwapemphe kuti kwa miyezi ingapo ena asenze zimenezi. Pa maliro mungathe kukapepesa masana n'kubwerako. Alendo odzazonda matenda ndi dalitso, koma akabwera motsatizana tsiku lonse amatopetsa, ndipo ena amabwera ndi nkhani za anthu amene anamwalira ndi matenda omwewa. Pakhale munthu mmodzi wa m'nyumbamo wonena mwaulemu kuti odwala akupumula, komanso wosintha nkhani zikafika pamenepo.

Kwa osamalira wodwala, pempho langa n'lakuti musamuuze kuti "musamaganize kwambiri" n'kuthera pomwepo. Mufunseni chimene chikumuopsa, mumvetsere mpaka amalize, ndipo musamuletse ntchito iliyonse ngati kuti ndi dzira, chifukwa munthu woletsedwa ngakhale kuthirira maluwa amayamba kukhulupirira kuti moyo wake watha. Palinso nkhani imene mabanja ambiri amaopa kufunsa, ya kukhalira limodzi ngati banja. Funsani dokotala mosabisa, pakuti ambiri amaloledwa kubwerera ku zimenezi akachira mokwanira, ndipo musamwe mankhwala owonjezera mphamvu za abambo popanda chilolezo chake, chifukwa ena mwa iwo amagwetsa BP moopsa akakumana ndi mankhwala ena a mtima.

Gawo lachisanu ndi chinayi: tulo ndi zimene mumamwa

Yesetsani kugona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, mukulinga maola 7 kufika 9. Tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa za kola muzisiye kuyambira masana, ndipo zakumwa zopatsa mphamvu zija muzipeweretu. Mowa ndi fodya zimaoneka ngati zikuchotsa nkhawa kwa kanthawi, koma zimawononga mtima womwe mukuuchiritsawo ndipo mowa umasokoneza tulo. Ngati mapiritsi ochotsa madzi m'thupi akukudzutsani kangapo usiku, funsani ku kiliniki za nthawi yabwino yomwera m'malo mosintha nokha. Kuleka kuwerenga za matenda anu pa foni usiku ndi lamulo limene ndingapatse wodwala aliyense, chifukwa zimene mungapeze nthawi imeneyo n'zambiri zoopsa ndipo palibe woti mumufunse.

Gawo lomaliza: kuyeza BP ndi kudziwa nthawi yopempha thandizo lina

Ngati muli ndi makina oyezera BP kunyumba, yezani pa nthawi zimene achipatala akuuzani, mutakhala phee mphindi zisanu, mkono utatsamira pa tebulo, ndipo lembani manambalawo m'kope. Kuyeza kakhumi patsiku kumadyetsa mantha, chifukwa nambala ikakwera pang'ono mumada nkhawa, nkhawayo n'kukwezanso nambala yotsatira. M'kope lomwelo lembani mphindi zimene mwachita kapumidwe ndi mmene munagonera, ndipo mupite nalo ku kiliniki.

Pomaliza masabata asanu ndi atatu, yang'anani m'kopemo muone ngati tulo, mkwiyo ndi mantha zasintha. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse amene mtsempha wa mtima unawatsekekera amadwala matenda a kukhumudwa, ndipo matendawa amachititsa munthu kuleka mankhwala, kuleka kuyenda ndi kujomba ku kiliniki. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala wachisoni pafupifupi tsiku lonse, simukusangalalanso ndi zimene munkakonda, chakudya sichikulowa, tulo tasowa kapena mukudziona ngati mtolo kwa abale anu, muuzeni dokotala wanu wa mtima kapena namwino, ndipo pemphani kuonana ndi wachipatala woona za maganizo pa chipatala cha boma lanu. Malo monga St John of God ku Mzuzu ndi Zomba Mental Hospital amagwira ntchito imeneyi, ndipo chithandizo chake chingakhale uphungu, mankhwala kapena zonse ziwiri. Aliyense amene akukulemberani mankhwala a maganizo mumuonetse mapiritsi onse a mtima amene mukumwa, chifukwa ena sayenderana. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, mumupatse mankhwala anu kuti azikusungirani, ndipo akuperekezeni kuchipatala osadikira tsiku la kiliniki.